Munthu ndi Msonkho wa Nyumba Yace

FUNSO LAKALE

Munthu akamanga nyumba, kapena akaigula ndi ndalama za thukuta lace, mtima wace umakhala pansi. Amati, "Tsopano ndapeza pokhala, palibe wondicotsa pano." Koma m'maiko ambiri, caka ndi caka, kumafika kalata ya boma yomuuza kuti akhome msonkho cifukwa ca nyumba yomweyo. Akalephera zaka zingapo, boma liri ndi mphamvu yoigulitsa. Pamenepo pamabuka mafunso awiri. Ngati munthu angathe kutulutsidwa m'nyumba cifukwa ca msonkho, kodi nyumbayo ndi yacedi? Ndipo ngati iri yace, anansi ace ali ndi gawo lanji pa iyo?

Mafunso awa si acilendo ku Malawi. M'zaka za m'ma 1890, dziko liri m'manja mwa Angerezi, boma la Harry Johnston linaika msonkho wa nyumba. Msonkho umenewo sunafunse ngati nyumba iri yaikulu kapena yaing'ono, ndipo okhoma analibe mau pa kagwiritsidwe ka ndalamazo. Amuna ambiri anasiya makasu ao napita kukagwira nchito kwa Azungu kuti apeze mashiling'i a msonkho. Masiku ano makhonsolo a mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe amakhometsa msonkho molingana ndi mtengo wa nyumba. Koma kuti nkhani iyi ioneke bwino, nkwabwino kuyang'ana kumene msonkho wotere uli wolemera koposa, ndiponso kumene okhomawo ali ndi mau pa iwo. Malo amodzi otere ndiwo Westchester, ku America.

DERA LA WESTCHESTER

Westchester ndi dera la m'cigawo ca New York, ndipo liri kumpoto kwa mzinda waukulu wa New York, kucita malire nao. Pa kalembera wa caka ca 2020 munapezeka anthu opitirira pang'ono 1,000,000. Likulu lace ndi White Plains. Anthu ambiri a m'deramo amakwera sitima ya pamtunda m'mawa kukagwira nchito mumzinda waukuluwo, nabwera madzulo kudzagona kwao, kumene kuli mitengo, bata ndi masukulu ochuka. Cifukwa ca zimenezi ofuna kukhalako ndi ambiri, nyumba ndi zocepa, ndipo mtengo wace ndi wokwera ndithu. Msonkho wa nyumba kumeneko uli pakati pa misonkho yolemera koposa m'dziko lonse la America. Mabanja ambiri amakhoma madola opitirira 10,000 caka ciri conse, ndipo m'midzi ya anthu acuma monga Scarsdale ndi Rye amakhoma kuposa pamenepo kutali.

Ndalama zimenezi sizipita kumodzi. Gawo lina litengedwa ndi boma la dera lonse, lina ndi khonsolo ya mzinda kapena ya mudzi, lina ndi ozimitsa moto. Koma gawo lalikulu, loposa theka pa nyumba zambiri, ndi la masukulu. M'dera limodzi lomweli muli makhonsolo opitirira 40, ndipo mabungwe oyendetsa masukulu alinso ngati 40, liri lonse ndi akulu ace, alembi ace ndi malipiro ao. Pamwamba pa izi, cigawo ca New York cimalamula madera ace kuthandiza kulipira mankhwala a anthu osauka. Zonsezi zimatsamira pa denga la mwini nyumba.

M'MENE AWERENGERA MSONKHO

Anthu ambiri amaganiza kuti mtengo wa nyumba ukakwera kawiri, msonkho naonso ukwera kawiri. Sizitero nthawi zonse. Kawerengedwe kace kali motere. Poyamba khonsolo kapena bungwe la sukulu liwerenga ndalama zimene lifuna caka cimeneco. Kenaka woyesa mitengo alemba mtengo wa nyumba iri yonse m'buku lace. Pomariza ndalama zofunikazo zigawidwa pa nyumba zonse, yense monga mwa mtengo wa nyumba yace.

Citsanzo ndi ici. Mudzi uli ndi nyumba zitatu zokha. Yoyamba mtengo wace ndi madola 100,000, yaciwiri 200,000, yacitatu 300,000. Mudziwo ufuna madola 12,000 a sukulu ndi miseu. Tsono woyamba akhoma 2,000, waciwiri 4,000, wacitatu 6,000. Nyumba zonse zitatu zikakwera mtengo kawiri, koma zofuna za mudzi zikhala zomwezo, palibe amene msonkho wace usintha.

Comweco msonkho wa munthu umakula pa zifukwa ziwiri. Mwina mudzi waonjeza zofuna zace, mwina nyumba yace yalembedwa mtengo wokwera msanga kuposa za anzace. Msonkho uwu uli ngati mtanda wa denga umene anthu ausenza pamodzi. Wina akawerama, kulemera kwace sikutha ai, kumangosamukira pa mapewa a anzace. Wowerenga asunge mfundo iyi, pakuti nkhani yonse yatsamira pa iyo.

DANDAULO LA MWINI NYUMBA

Amene msonkho uwu umawapweteka koposa si acuma ai. Ndi anthu onga mai wamasiye amene anagula nyumba pamodzi ndi mwamuna wace zaka 40 zapitazo, mitengo ikali pansi. Ngongole ya nyumba anaimariza kale. Ana anakula nacoka. Iye tsopano amadya ndalama ya penshoni, imene simakula msanga. M'buku la woyesa mitengo mai uyu ndi wolemera, pakuti nyumba yace lero ingagulidwe ndi ndalama zambiri. Koma m'thumba mwace mulibe cuma cimeneco. Khoma la nyumba siligula ufa, ndipo denga silingadulidwe cidutswa kukapereka kwa wokhometsa msonkho. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mtengo wa nyumba yosagulitsa uli ngati fodya wa pacala.

Mai wotere ali ndi mau atatu, ndipo onse ndi olemera. Oyamba ndi akuti, "Msonkho wa malipiro umatsika malipiro akatsika, koma uwu sudziwa kuti ndinaleka nchito." Aciwiri ndi akuti, "Gawo lalikulu lipita ku sukulu, pamene ine ndiribe mwana wa sukulu." Acitatu ndi akuti, "Mundiuza kuti ndigulitse ndipite kotsika mtengo. Koma kuno ndi kumene kuli anzanga, chalichi canga ndi manda a mwamuna wanga." Munthu wosamva cisoni pa mau awa ali ndi mtima wouma. Nyumba si katundu wamba wonga njinga. Ndi malo amene moyo wa munthu unamera mizu, ndipo mtengo wokalamba ukaokedwa sucedwa kufota.

Katunduyo anaonjezekanso m'caka ca 2018. Kale munthu powerenga msonkho wa malipiro wopita ku boma lalikulu la ku Washington ankaloledwa kuyamba wacotsa misonkho yonse imene anakhoma kwao. Lamulo la mu 2017 linati acotse madola 10,000 okha basi, ndipo ambiri a ku Westchester anali kukhoma kuposa pamenepo. M'caka ca 2025 malirewo anakwezedwa kufika 40,000, koma kwa zaka zowerengeka zokha.

YANKHO LA ANANSI

Mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi. Anansi naonso ali ndi mau ao, ndipo ayamba ndi funso lakuti, "Kodi anakweza mtengo wa nyumbayo ndani?" Njerwa zace ndi zomwezo za kale, ndipo zakalamba. Nyumba yomweyo ikananyamulidwa ndi kuikidwa m'chire, kutali ndi mseu, madzi ndi sukulu, sikanagulidwa ngakhale ndi theka la mtengo wace. Cimene cinakwera ndi mtengo wa malo. Ndipo malo anakwera cifukwa ca njanje ya sitima, apolisi, mipope ya madzi, ndi masukulu abwino amene makolo amalimbirana. Zonsezi ndi nchito ya anthu onse pamodzi.

Maganizo awa anawafotokoza mwamphamvu Henry George, mlembi wa ku America, m'buku lace la caka ca 1879 lochedwa Progress and Poverty. Iye anaphunzitsa kuti cimene munthu wapanga ndi manja ace ndi cace, koma kukwera kwa mtengo wa malo kumacokera kwa anthu onse, ndipo nkoyenera kuti kubwerere kwa iwo. Munthu sayenera kubvomera zonse za George kuti aone coonadi ciri m'menemo. Amene akondwera kuti nyumba yace yakwera mtengo cifukwa ca sukulu yabwino, sangakane kuthandiza sukuluyo. Walira mvula walira matope.

Za mau akuti "ndiribe mwana wa sukulu," anansi ayankha motere. Pamene ana a mai uja anali pa sukulu, msonkho wa nyumba yace yokha sukanakwanira kuwaphunzitsa. Anathandiza ndi okalamba a nthawi imeneyo, amene ana ao anali atakula kale. Lero ndi nthawi yace yobwezera. Ngakhale munthu amene sanabale konse adzafuna dokotala, namwino ndi womanga milatho, ndipo onsewa amacokera m'sukulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pali cinanso. M'midzi yambiri ya m'cigawo ca New York, ndalama za sukulu zimaikidwa pamaso pa anthu kuti aponye voti, Laciwiri lacitatu la mwezi wa May caka ciri conse. Msonkho umenewu tsono usiyana kutali ndi uja wa Johnston. Okhomawo ndiwo aubvomereza kapena kuukana. Amene akhala pakhomo tsiku la voti, nadandaula tsiku la kalata ya msonkho, wataya yekha mphamvu yace.

Ndiponso midzi yambiri ya ku Westchester inadziikira malamulo oletsa kumanga nyumba zing'ono zing'ono kapena zosanja za mabanja ambiri. Malamulo otere amasunga bata ndi kukweza mitengo, koma amacepetsa mapewa osenza katundu, natsekera kunja aphunzitsi ndi anchito amene atumikira m'midzimo. M'caka ca 2009, pambuyo pa mlandu, dera la Westchester linalonjeza kumanga nyumba 750 za mtengo wofikirika m'midzi imene munali anthu akuda ocepa. Mudzi umene ukana alendo usadabwe katundu akalemera pa eni ace.

MUYESO UMODZI KWA ONSE

Kufikira pano zaoneka kuti mwini nyumba ali ndi mangawa enieni kwa anansi ace. Koma mangawa ayenera kuyesedwa ndi muyeso woona. Wogulitsa cimanga amene ali ndi mbale ziwiri, yaikulu ya abale ace ndi yaing'ono ya alendo, ndi wakuba ngakhale mtengo wace ukhale wotsika. Pa msonkho wa nyumba mbaleyo ndiyo buku la woyesa mitengo.

Lamulo la cigawo ca New York silikakamiza midzi kuyesanso nyumba zonse pa nyengo yoikika. Cifukwa cace midzi ina imakhala zaka zambiri ndi buku lakale. Mudzi wa Scarsdale unayesanso nyumba zace m'caka ca 2014, utakhala osatero kuyambira 1969. Pa zaka zonsezo nyumba zina zinakwera mtengo msanga, zina pang'ono, koma buku silinasinthe. Potero ena anali kukhoma mopitirira gawo lao, ndi ena mocepera, osadziwa. Kuyesa kwatsopano kutacitika panabuka mkangano waukulu, pakuti palibe amakondwa kumva kuti zaka zonsezi mnzace ndiye anali kumsenzera. Ofufuza a ku University of Chicago anapeza kuti m'madera ambiri a America nyumba zotsika mtengo zimalembedwa mokwera kuposa mtengo wace weniweni, pamene zodula zimalembedwa motsika. Kumeneko ndi kulanda kwa wosauka mwakacetecete.

Anthu a ku California anayesa njira yina. M'mwezi wa June 1978, motsogozedwa ndi Howard Jarvis, anabvomereza lamulo lochedwa Proposition 13. Lamulolo linati msonkho usapitirire dola 1 pa madola 100 ali onse a mtengo wa nyumba, ndipo mtengo wolembedwa m'buku usakwere koposa 2 pa 100 caka cimodzi, kufikira nyumbayo itagulitsidwa. Okalamba anapuma, ndipo cimeneco cinali cabwino. Koma katundu uja anasamukira kwa ogula atsopano, amene ambiri ndi acinyamata ongoyamba banja. Mai wina wa ku Los Angeles, Stephanie Nordlinger, anapeza kuti anali kukhoma pafupi fupi kasanu kuposa anansi ace okhala m'nyumba zofanana ndi yace. Anakasuma, koma m'caka ca 1992 Bwalo Lalikulu la America linati lamulolo likhale. Cinthu cingathe kuloledwa ndi bwalo, koma cikumbu mtima cikafunsabe ngati ciri colungama. Cifundo cocitira munthu mmodzi ndi ndalama za mnzace wosafunsidwa sicikwanira kuchedwa cifundo.

Kusiyana kwina kuli pakati pa mudzi ndi mudzi. Ku Westchester mudzi wacuma wa Bronxville ucita malire ndi mzinda wa Mount Vernon, kumene anthu ambiri ndi a malipiro ocepa. Kumene nyumba ziri zodula, gawo laling'ono la mtengo wace libala ndalama zambiri za sukulu. Kumene ziri zotsika, anthu ayenera kufinyidwa kwambiri kuti papezeke zocepa. Boma la cigawo limathandiza masukulu a osauka, koma kusiyanako sikunathe. M'caka ca 1973, pa mlandu wocokera ku San Antonio, Bwalo Lalikulu linaweruza, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, kuti kulipira masukulu ndi msonkho wa nyumba sikuswa malamulo akulu a dzikolo. Komabe mwana sasankha mudzi wobadwiramo.

MALIRE A WOKHOMETSA

Boma naro liri ndi malire. Ku Hennepin, m'cigawo ca Minnesota, mai wokalamba, Geraldine Tyler, analephera kukhoma msonkho, ndipo ngongole yace pamodzi ndi zilango inafika ngati madola 15,000. Boma la deralo linagulitsa nyumba yace madola 40,000, nilisunga zonse. M'caka ca 2023, maiyo ali ndi zaka 94, oweruza onse 9 a Bwalo Lalikulu anagwirizana kuti boma litenge mangawa ace okha, zotsala ndi za mwini. Pamenepo funso loyamba lija layankhidwa. Nyumba ndi ya mwini wacedi. Anansi ali ndi gawo pa iyo, koma gawo lokha, losapitirira mangawa.

Adam Smith, wanzeru wa ku Scotland, analemba m'caka ca 1776 kuti msonkho wabwino uli ndi zizindikiro zinai. Ulingane ndi mphamvu ya wokhoma, udziwike bwino lomwe, utoledwe pa nthawi imene wokhoma angathe kulipira, ndipo kutolera kwace kusadye ndalama zambiri. Msonkho wa nyumba uli bwino pa caciwiri ndi cacinai, pakuti nyumba sithawa ndipo sibisika. Ufooka pa coyamba ndi cacitatu, ndipo mankhwala ayenera kupakidwa pa bala pomwepo.

Cigawo ca New York cinayesa njira ziwiri. M'caka ca 1997 cinayamba cithandizo cochedwa STAR, cocepetsa msonkho wa sukulu pa nyumba imene mwini wace akhalamo, ndipo a zaka 65 kapena kuposa, amene malipiro ao sali akulu, amathandizidwa koposa. M'caka ca 2011 cinalamula kuti ndalama zonse zimene khonsolo kapena sukulu itolera zisakule koposa 2 pa 100 caka cimodzi, kapena koposa kukwera kwa mitengo ya zinthu ngati kuli kocepera apo, pokha pokha 60 mwa 100 a oponya voti za sukulu, kapena a akulu a khonsolo, atalola. Lamuloli linacedwetsa kukula kwa katundu, koma silifunsa kuti wofooka ndani pakati pa osenza.

Njira zina ziwiri zimafunsa funso limenelo. Cigawo ca Wisconsin, kuyambira 1964, cimabwezera ndalama kwa anthu a malipiro ocepa amene msonkho wa nyumba wawakulira, ndipo obwereka nyumba naonso amawerengedwa, pakuti iwo amakhoma msonkhowo kupyolera mu lendi. Cigawo ca Oregon, kuyambira 1963, cimalola okalamba kucedwetsa msonkho. Boma liwalipirira, nililemba ngongole pa nyumbayo, ndipo ngongoleyo imabwezedwa pamodzi ndi ciongola dzanja nyumba ikagulitsidwa kapena mwini wace akamwalira. Njira iyi isunga zinthu zonse ziwiri. Wokalamba sacotsedwa pakhomo pace, ndipo anansi sataya gawo lao. Olowa m'malo mwace adzalandira zocepa, nzoona, koma cimene cacepaco ndi gawo lija la mtengo limene mudzi wonse unapanga.

MAU OTSIRIZA

Nkhani iyi iphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, palibe nyumba imene iima yokha. Mtengo wace, mtendere wace ndi mseu wofika pakhomo pace ndi mphatso za anansi, amoyo ndi akufa omwe, ndipo wokana msonkho wonse akana mangawa oona. Caciwiri, muyeso ukhale umodzi kwa wakale ndi watsopano, kwa wa nyumba yaikulu ndi wa yaing'ono, ndipo buku la mitengo likonzedwe kawiri kawiri poyera. Cacitatu, mudzi uli ndi ufulu wolandira gawo lace, koma ulibe ufulu wothamangitsa nkhalamba kuti ulandire lero cimene ungathe kulandira mawa. Munthu amakalamba namwalira, koma mudzi ukhalapobe, ndipo wokhalitsa ndiye angathe kudikira.

Wokhometsa msonkho akumbukire kuti kuseri kwa nambala iri yonse m'buku lace kuli khomo, moto ndi munthu. Mwini nyumba akumbukire kuti ndalama imene iye aipewa mwacinyengo idzalipidwa ndi mnansi wace. Ndipo wacinyamata amene aona nkhalamba ikubvutika ndi kalata ya msonkho asaseke, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.